Galu wamkota sakandira pachabe

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinaitanidwa ku parishi ina ya m'mbali mwa nyanja, cha ku Monkey Bay, kukacheza ndi amayi za sikelo ya amayi oyembekezera. Tili mkati mokambirana, gulu la agalu linadutsa pabwalo la tchalitchi likulumana, wamkazi patsogolo, amphongo ambirimbiri pambuyo pake. Phunziro langa linathera pomwepo. Mayi wina anati galu wake wamaliza mazira onse m'khola. Wina anati agalu a eni ake anamugwetsera thandala la usipa umene anagula ndi ndalama ya ku banki m'khonde. Gogo wina anadandaula kuti papita sabata asakugona chifukwa cha phokoso. Kenaka mayi wina wachitsikana anakweza kabudula wa mwana wake n'kutionetsa bala la mano pantchafu, la masiku awiri, lopakidwa phulusa.

Ine ndine namwino komanso mzamba, sindine dokotala wa ziweto. Koma pa zaka zoposa 30 zimene ndagwira ntchito m'zipatala ndi kuphunzitsa anamwino, ndatsuka mabala a agalu ochuluka, ndipo pakhomo panga sipanasowepo galu. Zimene ndaphunzira ndi zomwe makolo athu ananena kale, kuti galu wamkota sakandira pachabe. Khalidwe lililonse la galu limene limatisowetsa mtendere lili ndi gwero lake. Kawirikawiri gwerolo ndi njala, nyengo yokwerana, mantha kapena kumangidwa kosalekeza, ndipo zonsezi tingathe kuzikonza. Koma pali khalidwe limodzi limene silikonzeka, lomwe ndi matenda akupha. Mayi aliyense ayenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa pakhomo ndife amene timadyetsa galu, ndifenso timathamanga ndi mwana kuchipatala.

Kuba

Dandaulo loyamba paliponse ndi kuba. Galu wavundukula poto, wanyamula chambo chimene chimadikira mafuta, watha mazira, wagwira mwanapiye. Kuno kunyanja vutoli limakula chifukwa nsomba ndiye chuma chathu, ndipo zimakhala poyera pa mathandala tsiku lonse. Mphuno ya galu imamva fungo kutali kuposa yathu, choncho usipa umene ukuuma ku Msaka kapena ku Makanjira umamuitana ngakhale ali kuseri kwa mudzi.

Tisanamutche wakuba, tidzifunse kuti dzulo anadya chiyani. M'makomo ambiri galu alibe chakudya chakechake. Amadikira mkute ukatsala, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu omwe tikudya kamodzi, satsaliridwa kanthu. Galu wotere akapeza dzira amadya, ndipo akalawa kamodzi amadziwa njira ya kukhola.

Mankhwala ake si odula. Phala la madeya lophika bwino, losakaniza ndi nyenyeswa za usipa zotsala pansi pa thumba, kapena mitu ndi matumbo a nsomba zowiritsa, limamukwanira. Chofunika kwambiri n'chakuti adye tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi, pamalo amodzi, m'mbale yakeyake. Galu wamkulu adye kamodzi kapena kawiri, kagalu katatu kapena kanayi. Wamkazi woyamwitsa amafuna chakudya chochuluka kuposa masiku onse, ndipo ndiye amene amaba kwambiri. Madzi akumwa asasowe pamthunzi. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili kunja, choncho kutentha kwa Mangochi mu Okutobala kumamuzunza koposa.

Kwinako ndi kuchotsa mayesero. Zisa za nkhuku zikhale pamwamba, mazira azitoledwa msanga, ndiwo zivundikiridwe ndi kuikidwa patali, thandala likhale lalitali ndi lolimba miyendo.

Ambiri timamenya galu madzulo chifukwa cha dzira limene anadya m'mawa. Galu sagwirizanitsa ndodo ya madzulo ndi dzira la m'mawa. Amangophunzira kuti mayi wa pakhomo pano ndi woopsa. Kudzudzula kumagwira ntchito pa nthawi yomweyo imene akulakwa, ndi mawu amodzi amphamvu, omwewomwewo nthawi zonse. Ena amamuika dzira lotentha m'kamwa kuti aleke. Kumeneko ndi kuwotcha chiweto, ndipo njala yake imakhala ilipobe.

Kudya zonyansa

Chachiwiri chimatichititsa manyazi kunena. Galu amadya chimbudzi cha ana, amafukula kudzala, amakoka matewera otaya n'kuwamwaza pabwalo. M'makomo ena amachita kumuitana kuti adzakonze mwana akadziipitsira. Kenaka galu yemweyo amanyambita mbale zimene tayanika, ngakhalenso manja ndi nkhope ya mwana wokwawa.

Kwa galu zimenezi si zachilendo. Agalu a m'midzi akhala akudya zotaya za anthu kuyambira kalekale. Ntchito ili kwa ife: chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, dzala likhale lakuya ndi lokwiriridwa, mbale ziyanikidwe pathandala.

Ndowe za galu nazo zili ndi vuto lake. Agalu ambiri, makamaka ana agalu, ali ndi njoka za m'mimba, ndipo mazira ake amatsala m'dothi ndi mumchenga kwa nthawi yaitali. Mtundu wina umaswa timphutsi timene timalowa pakhungu la munthu wokhala kapena woyenda pamchenga wonyowa. Mukaona kanjira kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri, paphazi kapena pathako la mwana amene amasewera kugombe, kawirikawiri ndi timeneti, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Mtundu wina umalowa kudzera m'kamwa mwana akadya dothi, ndipo umatha kuvulaza chiwindi, mwinanso diso. Amayi oyembekezera amene mumalakalaka dothi, ichi ndi chifukwa china cholekera, ndipo mukanene kusikelo kuti akuyezeni magazi. Ndowe za galu zizikwiriridwa, ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye, ndipo galu azimwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse. Alangizi a ziweto angakuuzeni mlingo wake, pamodzi ndi mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri.

Kuuwa usiku

Timaweta galu kuti aziuwa, koma akauwa usiku wonse timatukwana. Makutu a galu amamva zimene ife sitimva: fisi kapena nkhandwe kuphiri, mapazi a asodzi opita kunyanja usiku, galu mnzake kutsidya kwa dambo. Mmodzi akayamba, anzake amayankha, mudzi wonse n'kudzuka. Kulira kwautali kuja, kumene ena amati kukulosera maliro kapena kuti galu waona afiti, ndi njira imene agalu amaitanirana patali, monga amachitiranso abale awo a kutchire. Kumachuluka pamene wamkazi wina ali pa nyengo yake, kapena galu akatsekeredwa yekha.

Mukamvetsera bwino, kuuwa kuli mitundu. Kwa mlendo kumakhala kwamphamvu, kotsatizana, galu atayang'ana mbali imodzi. Kumeneko dzukani mukaone. Galu wanjala, waludzu, wozizidwa ndi mphepo ya mwera kapena wolumidwa ndi utitiri amauwa modukizadukiza kwa nthawi yaitali popanda chimene akuyang'ana. Ameneyu mupatseni chakudya madzulo, madzi, ndi pogona pouma pobisika ku mphepo, ngakhale chiguduli chakale pakhonde. Mukamukalipira muli m'nyumba iye amayesa mukumuthandiza kuuwa. Ndi bwino kutuluka, kuona chimene chilipo, kumuitana ndi dzina lake ndi kumukhazika pansi.

Kuyendayenda ndi kuswana

Gulu limene linasokoneza phunziro lathu lija linali pa ntchito yachilengedwe. Galu wamkazi amayamba kufuna mphongo ali ndi miyezi 6 mpaka 12. Ambiri zimawachitikira kawiri pachaka, ena kamodzi, ndipo nyengoyo imatha masabata awiri kapena atatu. Fungo lake limakoka amphongo ochokera kutali. Galu wanu wofatsa amasowa masiku angapo, n'kubwera khutu litang'ambika, atawonda. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, kenaka pakhomo pali tiana 5 kapena 6, mwinanso kuposa, topanda wotifuna. Tina timatayidwa kuthengo, tina timapatsidwa kwa ana a sukulu, ndipo timene tapulumuka ndi timene timadzakhala agalu opanda mwini kumsika ndi kudoko.

Vuto la nyengo imeneyi silithera paphokoso. Agalu a midzi yosiyanasiyana amakumana ndi kulumana, ndipo m'kulumanamo ndi mmene matenda a chiwewe amadutsira kuchoka kwa galu wina kupita kwa mnzake. Pali nthendanso ina ya chotupa chotuluka magazi kumaliseche kwa galu imene amapatsirana pokwerana. Imeneyi sigwira anthu, ndipo madokotala a ziweto amaichiza.

Njira yokhalitsa ndi kuthena amphongo ndi kutseketsa aakazi kwa anthu odziwa ntchito yake. Abambo ambiri amakana, amati galu wothena sauwanso mbala. Si zoona. Kulondera pakhomo sikuchokera kumeneko. Chimene chimachepa ndi kuthawathawa ndi ndewu, ndipo galu amene ali pakhomo usiku ndiye mlonda weniweni. Musalole kuti athenedwe ndi lumo kapena mphira kuseri kwa nyumba, chifukwa agalu ambiri amafa ndi kutaya magazi kapena bala likaola. Funsani ku ofesi ya za ziweto ya m'dera lanu. Mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amachitanso opaleshoni yotere. Ngati zimenezi sizikutheka, wamkazi atsekeredwe m'mpanda wolimba masabata atatu a nyengo yakeyo, akulandira chakudya ndi madzi.

Kulusa

Timafuna galu woopsa kwa akuba koma wofatsa kwa ana athu. Pofuna ukaliwo, ena amamanga galu pa unyolo waufupi usana ndi usiku, amamumana chakudya, amamuputa dala, enanso amamuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya. Zotsatira zake ndi galu wamantha amene sasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi wodzapempha moto. Mabala ambiri amene ndatsuka sanachokere kwa agalu achilendo, koma kwa galu wa pakhomo pomwepo kapena wa nyumba yoyandikana.

Galu womangidwa sangathawe, choncho akaopsedwa amaluma. Ngati n'kofunika kumumanga masana, chingwe chikhale chachitali, pamthunzi, madzi ali pafupi, ndipo azimasulidwa tsiku lililonse kuti athamange. Miyezi itatu yoyambirira ya moyo wake ndi imene imaumba khalidwe la galu. Kagalu kamene kazolowera kugwiridwa mwachifundo, kuona ana, alendo, nkhuku ndi mbuzi kakadali kakang'ono, kamakula kodziwa kusiyanitsa.

Galu wabwinobwino saluma asanachenjeze. Thupi limauma gwa, makutu amagona kumbuyo, ubweya wa pamsana umaima, mchira umalowa pakati pa miyendo kapena kuima osagwedera, amadzuma ndi kuonetsa mano. Akuluakulu timaziona, koma ana sadziwa, ndipo chifukwa cha kufupika kwawo amalumidwa kumaso, kukhosi ndi m'manja. Tiwaphunzitse zinthu zochepa izi. Asayandikire galu amene akudya, akugona, akudwala kapena ali ndi ana. Asagende agalu kapena kuwakoka mchira. Galu akawathamangira asathawe ndipo asakuwe, aime chilili ngati mtengo, manja ali m'mbali, osamuyang'ana m'maso. Akagwa pansi adzipinde, manja ataphimba khosi ndi makutu. Khanda lisasiyidwe pamphasa ndi galu popanda wamkulu, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani.

Galu wanu ndi anansi anu

Kuno ku Mangochi anansi athu ambiri ndi Asilamu. Pa chiphunzitso chimene ambiri a iwo amatsata, malovu a galu ndi chodetsa, ndipo chiwiya chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Choncho galu wanu akakamwa mu ndowa ya mnansi kumjigo, kapena kukhudza zovala zake zopempherera pachingwe, mwamupatsa ntchito ndiponso mwamukhumudwitsa, ngakhale iye asanene. Kusunga galu wathu pakhomo pathu ndi ulemu umene umasunga mtendere m'mudzi.

Milandu ya mbuzi yolumidwa ndi nsomba zobedwa ikakula, ena amathira tameki m'nyama n'kuponya kumpanda. Poizoni sasankha. Amapha nkhuku, amphaka ndi agalu osalakwa, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Galu akawononga, nkhani ipite kwa mwini wake, ikakanika kwa amfumu, ndipo mwini galu alipire mosanyinyirika.

Khalidwe likasintha mwadzidzidzi

Zonse ndatchulazi ndi makhalidwe amene galu amakhala nawo masiku onse, ndipo mwini wake amawadziwa. Choopsa ndi pamene galu wasintha m'masiku ochepa popanda chifukwa chooneka. Wofatsa wayamba kulusa, kuluma mitengo, miyala, unyolo wake ndi chilichonse choyenda. Wolusa wafatsa modabwitsa ndipo akungofuna kunyambita anthu. Mawu ake asintha, akuuwa mosasa. Akuyenda mtunda wautali osadziwa kwawo, akudzandira, miyendo yakumbuyo ikufooka, dovu likuchucha. Zimenezi ndi zizindikiro za chiwewe.

Pali mtundu wina wa chiwewe umene umapusitsa anthu, makamaka kuno kunyanja. Galu salusa ayi. Amangokhala phee pakona, kukamwa kuli yasa, akulephera kumeza. Mwini wake amaganiza kuti wamera munga wa nsomba pakhosi, n'kulowetsa dzanja m'kamwa kuti auchotse. Dzanja la mayi wosenda nsomba silisowa timabala, ndipo kachirombo kali m'malovumo. Musalowetse dzanja m'kamwa mwa galu wodwala. Musanyengedwenso poona kuti akuyesa kumwa madzi, chifukwa kuopa madzi ndi chizindikiro cha munthu wodwala chiwewe, osati kwenikweni cha galu. Amphaka, ng'ombe, mbuzi, nkhandwe ndi afisi nazonso zimadwala matendawa. Nyama yakutchire ikalowa m'mudzi masana yosaopa anthu, ana asayiyandikire.

Kachirombo ka chiwewe kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Kawirikawiri pamapita mwezi umodzi mpaka itatu munthu asanayambe kudwala, koma zimatha kutenga sabata imodzi yokha kapena chaka chathunthu. Bala la kumaso, kukhosi kapena kuzala limafulumiza. Nthawi yonseyi bala limakhala litapola ndipo banja laiwala. Kenaka pachipsera pamayamba kuyabwa kapena kuchita dzanzi, thupi limatentha, munthu amasokonezeka, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu, amanjenjemera kamphepo kakamuomba. Zikafika apa palibe chipatala chimene chingamuchize, kuno kapena kunja.

Ndili namwino wachitsikana ndinasamalirapo mnyamata wa sukulu ya pulayimale amene anabwera ndi zizindikiro zimenezi. Poyamba tonse tinkaganiza malungo aakulu. Tsiku lachiwiri, titamubweretsera kapu ya madzi, anakuwa ndi kudzigwira pakhosi. Apo ndi pamene mlongo wake anakumbukira kuti miyezi iwiri m'mbuyomo kagalu kamene anatola panjira kanamuluma pachala, ndipo kanafa patapita masiku ochepa. Mnyamatayo sananene kunyumba poopa kukalipiridwa. Anamwalira usiku wa tsiku lachitatu, mayi ake atamugwira mwendo chifukwa sankalola kukhudzidwa kumaso. Kuyambira pamenepo sindikalipira mwana wobwera kudzanena kuti galu wamuluma, ngakhale akhale kuti anamuputa yekha.

Nkhani yotere si ya mnyamata mmodzi. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anali ndi chiwewe, ndipo ena mwa iwo ankaganiziridwa kuti akudwala malungo aakulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 10 alionse otere, 4 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu.

Galu akaluma

Chinthu choyamba si kuthamangitsa galu kapena kukangana ndi mwini wake. Ndi sopo ndi madzi. Tsukani balalo ndi sopo aliyense amene muli naye, madzi akuyenderera, kwa mphindi 15 zathunthu. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali, yang'anani pafoni kapena pawotchi. Kutsuka kumeneku kumachotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Ngati muli ndi ayodini kapena spiriti, pakani mukatha kutsuka. Musapake phulusa, tsabola, mchere, dothi kapena ubweya wa galu wowotcha, ndipo musamange bala mothinitsa.

Chachiwiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati kukanda kwa munga. Kukalidwa ndi zikhadabo, kapena kunyambitidwa pachilonda, m'maso kapena m'kamwa, nakonso kumafuna kuonedwa. Katemera wa chiwewe si jakisoni mmodzi. Amabaya tsiku loyamba, pakatha masiku 3, pakatha masiku 7, ndipo nthawi zina amawonjezera wina. Sungani masiku amene akulemberani m'buku la kuchipatala ndipo mumalize onse. Achipatala adzaonanso za katemera wa kafumbata ndi mankhwala oteteza bala kuti lisaole. Musadabwe akapanda kusoka balalo nthawi yomweyo, chifukwa kusoka msanga kumatsekera tizirombo mkati.

Katemerayu sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, choncho akakutumizani ku chipatala chachikulu ku boma kapena kwina, pitani osazengereza. M'malo ambiri amafunanso kalata yochokera kwa a za ziweto. Musalole kuti kalatayo ikugonetseni masiku: wina apite kukatenga kalata, wina atsogole ndi wolumidwayo. Ngati mwachedwa kale ndi masabata, pitanibe, chifukwa katemera amathandiza malinga ngati zizindikiro sizinayambe.

Monga mzamba ndimafunsidwa kawirikawiri ngati mayi woyembekezera kapena woyamwitsa angabayitse katemerayu. Inde angabayitse. Savulaza mwana wa m'mimba kapena woyamwa, ndipo khanda lenilenilo likalumidwa limalandiranso.

Chachitatu, galuyo asaphedwe mwaphuma ngati n'kotheka kumutsekera popanda wina kulumidwa. Atsekeredwe masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi, ndipo a za ziweto adziwitsidwe. Galu amene anali ndi kachirombo m'malovu tsiku limene analuma amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 kuti ayambe katemera. Ngati galuyo wafa, waphedwa kapena wasowa, nenani zimenezo kuchipatala. Mtembo wake usagwiridwe ndi manja, ndipo nyama ya chiweto chimene chafa ndi zizindikiro za chiwewe isasendedwe kapena kudyedwa.

Zimene tingachite pamodzi

Katemera wa chiwewe si wachilendo. Mu Julayi 1885 Louis Pasteur wa ku France anabayitsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 Sepitembala, ndi limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndipo mayiko anagwirizana zoti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Njira yotsika mtengo koposa ndi kubaya agalu. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa. Kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe, chifukwa obayidwa kale amafera limodzi, ndipo anthu amakatenga tiagalu tina tosabayidwa. Zoti kubaya kumatheka tinaziona m'dziko mwathu momwe muno. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo ntchitoyo inafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu.

Apa ndi pamene makhalidwe aja akukumana ndi katemera. Galu amene amamenyedwa ndi kugendedwa sagwirika tsiku la katemera. Galu amene amasowa sabata yathunthu sapezeka. Amene amadya pakhomo, wodziwa dzina lake ndi wozolowera dzanja la mwini wake, mwana wa sitandade 6 amatha kupita naye pachingwe. Ana agalu nawonso apite, pakuti ndi amene ana athu amanyamula ndi kugona nawo. Kalata ya katemera isungidwe pamodzi ndi mabuku a kusikelo, chifukwa tsiku limene galu wanu adzalume mwana wa mnansi idzafunika.

Amayi a bungwe lathu timakumana kawirikawiri kuposa gulu lina lililonse m'mudzi. Pa msonkhano wotsatira wa mphakati, werengani makomo amene ali ndi agalu ndi kufunsa kuti ndi angati anabayidwa chaka chino. Tumani amayi awiri kwa mlangizi wa ziweto kukafunsa tsiku la katemera, ndipo likadziwika lilengezedwe kutchalitchi, kusukulu, kwa amfumu, ndiponso muwadziwitse anzathu a kumzikiti. Dziwiranitu chipatala chapafupi chimene chimasunga katemera wa anthu, ndipo m'thumba la bungwe mukhale kandalama ka thiransipoti ya mwana wolumidwa. Kwa mayi wa ku Makanjira kapena kumapiri a Namwera, ulendo wobwerezabwereza wa ku boma ndi umene umalepheretsa kumaliza jakisoni.

Mwana wa bala lopaka phulusa uja tinamutsuka pamjigo wa pa parishi tsiku lomwelo, mphindi 15, akulira. Amayi anasonkha ya galimoto, ndipo mawa lake anayamba katemera. Galu amene anamuluma anali wa azakhali ake, wamkazi woyamwitsa, ndipo mwanayo anali atanyamula kamodzi mwa tiana take. Anamutsekera masiku 10 ndipo sanadwale. Nditapitanso kumeneko mu Novembala ndinapeza mwanayo akusewera mpira, galu uja atagona pansi pa mtengo wa mango, mbale yake ya madzi ili pambali.